Mbiri ya Utsi ndi Mwaye mu Mzinda wa London

Mwaye ndi tizidutswa takuda timene timatsala moto ukalephera kunyeketsa bwino nkhuni, makala, malasha kapena mafuta. Wina umamatirira ku denga la khitchini ndi kunsi kwa mphika, koma wambiri umakwera ndi utsi n'kumayandama mu mpweya kwa masiku angapo. Chimene chimaupatsa mtundu wakuda ndi kaboni. Akatswiri amagawa kaboni wa mu utsi pawiri. Pali kaboni wakuda, amene amamwa kuwala ndi kudetsa chilichonse chimene wagwerapo, ndipo pali kaboni wosakanikirana ndi phula ndi timafuta tosapsa, amene amachititsa utsi wa nkhuni zaziwisi kununkha ndi kuwawa m'maso. Tizidutswa tambiri ta mitundu iwiriyi tili m'gulu lotchedwa PM2.5, kutanthauza kuti kukula kwake sikupitirira mamaikulomita 2.5. Pafunika tizidutswa totere pafupifupi 30 kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Chifukwa cha kuchepa kumeneku, mphuno ndi mmero sizitha kutitchinga. Timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo, ndipo timayambitsa kapena kukulitsa chifuwa, mphumu, matenda a mtima, sitiroko ndi khansa.

London ndi umodzi mwa mizinda imene mbiri ya utsi wake inalembedwa kwa nthawi yaitali kwambiri. Madandaulo, malamulo, kaundula wa imfa ndi zotsatira za zipangizo zoyezera mpweya zimalola kutsata nkhaniyi kwa zaka zoposa 700. Mbiriyi imasonyeza kuti kuchuluka kwa mwaye kunkatsatira chimene anthu ankasonkhera moto, ndipo kunkatsika pokhapokha chosonkheracho chikasintha.

Malasha afika mu mzinda

Kale anthu a ku London ankaphika ndi kuwotha moto wa nkhuni ndi makala. M'zaka za m'ma 1200 zombo zinayamba kubweretsa malasha kuchokera kumpoto chakum'mawa kwa England, makamaka ku Newcastle, n'kumawatsitsa m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Oyamba kuwagwiritsa ntchito anali osula zitsulo ndi owotcha laimu womangira nyumba, popeza ng'anjo zawo zinkadya nkhuni zambiri. Malasha amenewa anali ndi phula ndi salufa wambiri, motero utsi wake unali wakuda ndi wonunkha. Mu 1285 kunakhazikitsidwa kagulu kofufuza madandaulo okhudza ng'anjo za laimu, ndipo cha mu 1306, mu ulamuliro wa Mfumu Edward I, kunatuluka chilengezo choletsa kuwotcha malasha m'ng'anjozo. Chiletsocho sichinagwire, chifukwa malasha anali otsika mtengo kuposa nkhuni.

Kusintha kwakukulu kunadza kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ndi m'zaka za m'ma 1600. Anthu anachuluka, nkhalango zapafupi zinachepa, nkhuni zinakwera mtengo, ndipo malasha analowa m'makomo. Amisiri anayamba kumanga nyumba zokhala ndi machumuni a njerwa kuti utsi uzitulukira pamwamba. M'nyumba munayamba kupumika, koma utsiwo unasamukira mumsewu.

Mu 1661 John Evelyn analemba kabuku kotchedwa Fumifugium n'kukapereka kwa Mfumu Charles II. Iye anafotokoza mmene utsi unkadetsera zovala ndi makoma, kudyera zitsulo ndi miyala, kufotetsera mitengo ya zipatso ndiponso kutsokomoletsa anthu. Analangiza kuti ofulula mowa, opanga sopo, owotcha laimu ndi ena otere asamutsidwire kunja kwa mzinda, kumunsi kwa mtsinje, ndipo mzindawo uzingidwe ndi mitengo ndi maluwa onunkhira. Malangizowa sanatsatidwe. Patapita zaka zisanu, moto waukulu wa mu 1666 unatentha gawo lalikulu la London, ndipo ndalama zambiri zomangiranso tchalitchi cha St Paul's zinachokera ku msonkho wa malasha olowa padoko. Malasha anali atasanduka mzati wa chuma cha mzinda.

Umboni woyamba wakuti mwaye umayambitsa khansa unapezeka ku London komweko. Mu 1775 dokotala Percivall Pott anaona kuti amuna amene ali ana ankagwira ntchito yokwawa m'machumuni kukapala mwaye ankadwala kwambiri khansa ya khungu la kumaliseche. Aka kanali koyamba kuti khansa igwirizanitsidwe momveka bwino ndi chinthu chimene munthu amakhudzana nacho pa ntchito yake.

Zaka za mafakitale ndi chifunga chachikasu

Mu 1801 London inali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Pofika 1901 mzindawo pamodzi ndi madera ouzungulira unali ndi anthu oposa mamiliyoni asanu ndi limodzi. Pafupifupi banja lililonse linkasonkha malasha pa moto wapoyera, wopanda chitseko, umene unkataya kutentha kwambiri ndi kutulutsa utsi wochuluka. Pamwamba pa makomo panawonjezekera mafakitale, malo opangira gasi kuchokera ku malasha, sitima zapamtunda ndi zapamadzi zoyendera nthunzi.

London ili m'chigwa cha Thames, ndipo m'nyengo yozizira chifunga chimatsika kawirikawiri. Madontho a chifunga amafuna kanthu koti agwirepo, ndipo tizidutswa ta utsi timawapatsa pogwira. Zikasakanikirana, chifunga chimakhuthala, chimasanduka chachikasu kapena chofiirira, ndipo sichibalalika msanga chifukwa utsiwo umatchinga dzuwa limene likanachiumitsa. Anthu a mumzindawo ankachifanizira ndi msuzi wokhuthala wa nsawawa. Mu Disembala 1873 chifunga chotere chinapha ng'ombe zina zimene zinabwera ku chionetsero cha ziweto, ndipo kaundula wa imfa za anthu anakwera. Chinanso choopsa chinagwa kumayambiriro kwa 1880. M'madera a anthu osauka, kumene misewu inali yopanikizana ndipo dzuwa silinkafika pansi, ana ambiri ankakula ndi mafupa ofewa ndi miyendo yopindika.

Malamulo analipo, koma ankaluma mbali imodzi. Lamulo la mu 1853, limene Lord Palmerston analilimbikitsa, linalamula mafakitale a mu London kuti ng'anjo zawo zizinyeketsa utsi wake, ndipo apolisi anapatsidwa mphamvu yozenga milandu. Malamulo a zaumoyo a mu 1875 ndi 1891 anawonjezera zina. Onsewa sanakhudze moto wa m'nyumba, umene unali gwero lalikulu la utsi wa m'nyengo yozizira. Moto wapoyera unkatengedwa ngati mtima wa banja la Chingerezi, ndipo andale ankaopa kuulowerera. Mu 1898 kunabadwa bungwe la Coal Smoke Abatement Society lolimbana ndi utsi wa malasha, ndipo mu 1905 mmodzi wa atsogoleri ake, Dr Henry Des Voeux, anafalitsa mawu akuti smog, ophatikiza mawu a Chingerezi otanthauza utsi ndi chifunga.

Olemba mbiri ya mpweya wa London, monga Peter Brimblecombe, amaona kuti utsi ndi chifunga zinafika pachimake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Kuchokera pamenepo zinayamba kutsika pang'onopang'ono. Mzinda unatambasuka, anthu anasamukira m'madera akunja, mafakitale ena anachoka pakati, ndipo mabanja ambiri anayamba kuphikira gasi. Kutsikako kunali kwenikweni, koma sikunali kokwanira kuchotsa ngozi.

Kuyamba kuyeza utsi

Kufikira nthawi imeneyi utsi unkaweruzidwa ndi maso, mphuno ndi chiwerengero cha maliro. Kuyeza kolongosoka kunayamba cha mu 1912, pamene kunakhazikitsidwa komiti yofufuza za kuipa kwa mpweya. John Switzer Owens anakonza zipangizo zolandirira fumbi ndi mwaye wogwa kuchokera kumwamba, komanso makina okoka mpweya kudzera pa pepala loyera. Njira ya pepalayi ndi imene inakhazikika. Mpweya wodziwika kuchuluka kwake unkakokedwa kudutsa pa pepala kwa tsiku lathunthu, tizidutswa tinkasiya banga lozungulira, ndipo kuda kwa bangalo kunkasonyeza kuchuluka kwa utsi. Popeza chimene chimadetsa pepala ndi kaboni wakuda, miyezo yakaleyi ndi nkhokwe ya mbiri ya kaboni ameneyu mu mpweya wa mumzinda, ngakhale oyezawo ankangoutcha utsi.

Masiku asanu a Disembala 1952

Kumayambiriro kwa Disembala 1952 kunazizira kwambiri, ndipo mabanja anasonkha malasha ochuluka kuposa masiku onse. Dziko linali lisanachire ku umphawi wa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Malasha abwino ankagulitsidwa kunja, ndipo a m'makomo ambiri anali a mtundu wotsika, odzaza ndi fumbi ndi salufa. Malo opangira magetsi monga Battersea anali m'kati mwa mzinda momwemo. M'mwezi wa Julayi chaka chomwecho matiramu omaliza oyendera magetsi anali atachotsedwa, ndipo m'malo mwake munalowa mabasi a dizilo.

Pa 5 Disembala mphepo inaleka kuwomba. Mpweya wozizira unakhazikika pansi m'chigwa, wofunda unakhala pamwamba pake ngati chivundikiro pa mphika, ndipo utsi wa machumuni onse unasowa kolowera. Zinakhala choncho mpaka pa 9 Disembala. M'madera ena munthu sankaona mapazi ake. Mabasi analeka kuyenda, maambulansi anaima, ndipo odwala ankadziyendera okha kupita ku chipatala. Utsi unalowa m'nyumba, mwakuti sewero la nyimbo ku nyumba ya zisudzo ya Sadler's Wells linalekezedwa panjira chifukwa oonerera sankaona bwino pabwalo. Ng'ombe za pa chionetsero ku Earls Court zinabanika, zina zinafa. Chipangizo cha ku County Hall chinayeza utsi woposa mamaikulogalamu 4,000 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya.

Anthu sanachite mantha m'masiku amenewo, popeza chifunga anachizolowera. Kukula kwa tsokali kunadziwika pamene ogulitsa mabokosi a maliro ndi maluwa anayamba kuperewera katundu. Boma linawerengera kuti anthu pafupifupi 4,000 anafa kuposa amene akanafa m'nyengo wamba. Ambiri anali okalamba, makanda ndi odwala kale chifuwa kapena mtima. Imfa zinapitirira kukhala zochuluka kwa miyezi ingapo, ndipo pa nthawiyo zinanenedwa kuti ndi za chimfine. Mu 2001 Michelle Bell ndi Devra Davis anaunikanso kaundulayo ndipo anapeza kuti chiwerengero chonse chinali pafupifupi 12,000.

Lamulo la 1956 ndi kuchoka kwa malasha

Poyamba nduna za boma zinkanena kuti malamulo omwe analipo anali okwanira. Aphungu ndi madokotala atakakamiza, kunakhazikitsidwa komiti yotsogozedwa ndi Sir Hugh Beaver, imene inatulutsa lipoti lake lomaliza mu 1954. Lipotilo linaloza chala pa moto wa m'nyumba. Phungu Gerald Nabarro anabweretsa bilu yake m'Nyumba ya Malamulo, ndipo anaichotsa boma litalonjeza kubweretsa yake. Umu ndi mmene linabadwira lamulo la Clean Air Act la mu 1956.

Lamuloli linaletsa utsi wakuda wotuluka m'machumuni, ndipo kuda kwake kunkayezedwa poyerekeza ndi tchati cha milingo ya kuda kwa utsi chotchedwa Ringelmann. Chachikulu koposa, linapatsa makhonsolo mphamvu yolengeza madera amene nyumba zake siziloledwa kutulutsa utsi. Mabanja a m'madera otere ankayenera kusintha malo awo osonkherapo moto kuti aziwotcha malasha okonzedwa osafuka, kapena kusamukira ku gasi ndi magetsi, ndipo boma ndi khonsolo zinkalipira gawo lalikulu la ndalama zosinthirazo. Thandizo la ndalamali ndi limene linachititsa kuti lamulo lifike pakhomo la munthu wamba popanda kumusiya akunjenjemera ndi chisanu.

Ntchitoyi inatenga zaka. Mu Disembala 1962 chifunga china chautsi chinapha anthu pafupifupi 750. Kuyambira 1961 kunali kafukufuku wa dziko lonse woyeza utsi ndi mpweya wa salufa tsiku ndi tsiku m'malo oposa 1,000, ndipo zotsatira zake zinasonyeza utsi ukutsika chaka ndi chaka. Lamulo la mu 1968 linalimbitsa loyamba lija ndi kulamula machumuni aatali m'mafakitale. Zinthu zinanso zinakankhira mbali yomweyo. Sitima zoyendera nthunzi zinatha pa njanji za boma mu 1968. Gasi wachilengedwe atapezeka pansi pa nyanja ya North Sea, pakati pa 1967 ndi 1977 zitofu ndi mbaula za gasi za m'dziko lonse zinasinthidwa kuti zizimugwiritsa ntchito. Mabanja anaona kuti kutsegula gasi n'kosavuta kuposa kunyamula malasha ndi kuwola phulusa m'mawa uliwonse. Malo opangira magetsi a Bankside anatsekedwa mu 1981, a Battersea mu 1983. Pofika nthawi imeneyi utsi wa mu London unali kachigawo kakang'ono chabe ka umene unalipo m'zaka za m'ma 1950. Dzuwa la m'nyengo yozizira linayamba kufika pakati pa mzinda, ndipo nyumba zakale zimene zinatsukidwa zinaonetsanso mtundu weniweni wa miyala yake.

Utsi wa dizilo

Malasha atachoka, gwero lalikulu la kaboni wakuda linakhala msewu. Injini ya dizilo imapopera mafuta mu mpweya wopanikizidwa ndi wotentha, ndipo pamene mafutawo sanasakanikirane bwino ndi mpweya pamapangika mwaye wosalala kwambiri. Kulemera kwa mwaye umenewu kunali kochepa poyerekeza ndi wa malasha, koma tizidutswa take tinali tating'ono zedi, ndipo tinkatulukira pafupi ndi mphuno za oyenda pansi. Mpweya unkaoneka woyera, motero ambiri ankaganiza kuti vuto linatha.

Maganizo amenewa anagwedezeka mu 1993, pamene ofufuza a ku yunivesite ya Harvard anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa mizinda isanu ndi umodzi ya ku United States. Iwo anapeza kuti anthu okhala m'mizinda ya tizidutswa tambiri ankafa msanga kuposa anzawo, ngakhale mpweya wa mizindayo unali wosadetsedwa kwambiri malinga ndi miyezo ya nthawiyo. Phunziro la 1952 linali lakuti utsi wochuluka umapha m'masiku ochepa. Phunziro latsopanoli linali lakuti utsi wochepa wopumidwa kwa zaka zambiri umafupikitsanso moyo. Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zimene n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa.

Pa nthawi yomweyo magalimoto a dizilo ankachuluka. Kuyambira 2001 msonkho wa galimoto ku Britain unayamba kuwerengedwa potengera mpweya wotenthetsa dziko umene galimoto imatulutsa, ndipo za dizilo zinapepukiridwa. Patangopita zaka khumi, pafupifupi theka la magalimoto atsopano ogulitsidwa m'dzikomo anali a dizilo.

Kulimbana ndi mwaye wa pamsewu kunayenda njira ziwiri. Yoyamba inali ya injini. Salufa anachepetsedwa kwambiri m'mafuta, ndipo miyezo ya ku Ulaya yotchedwa Euro inakhwimitsidwa mpaka opanga magalimoto anayamba kuika sefa yogwira mwaye pa paipi yotulutsira utsi. Kwa magalimoto ang'onoang'ono atsopano izi zinakhazikika pakati pa 2009 ndi 2011, ndipo malole ndi mabasi atsopano anatsatira cha mu 2014. Sefa yogwira ntchito bwino imatsekereza pafupifupi mwaye wonse. Njira yachiwiri inali yothamangitsa magalimoto akale. Mu Febuluwale 2003 meya Ken Livingstone anayambitsa malipiro a £5 patsiku kwa olowa ndi galimoto pakati pa mzinda. Mu 2008 kunayamba dera loletsa malole ndi mabasi ofuka kwambiri. Mu Epulo 2019 meya Sadiq Khan anatsegula dera la ULEZ, mmene galimoto yosakwanira muyezo imalipira £12.50 patsiku. Derali linakulitsidwa mu Okutobala 2021, ndipo mu Ogasiti 2023 linakuta madera onse a London.

Zipangizo zoyezera nazo zinasintha. Cha mu 2008 njira yakale ya pepala inalowedwa m'malo ndi makina oyeza kaboni wakuda mosalekeza poona kuwala kumene tizidutswa tamwa. Pa malo oyezera a mumsewu wa Marylebone Road, umodzi mwa misewu yodzaza kwambiri mu London, kaboni wakuda anatsika kuposa theka m'zaka khumi zotsatira 2010. Koma kutsikaku kunabwera mochedwa kwa ena. Mu Disembala 2020 wofufuza za imfa ku London anagamula kuti mpweya woipa unali chimodzi mwa zimene zinapha mtsikana wa zaka 9 wodwala mphumu, amene ankakhala pafupi ndi msewu waukulu ndipo anamwalira mu 2013. Aka kanali koyamba ku Britain kuti mpweya woipa ulembedwe ngati choyambitsa imfa ya munthu.

Kubwerera kwa nkhuni ndi magwero otsala

Pamene mwaye wa m'mapaipi a magalimoto unkachepa, gwero lakale kwambiri linatulukiranso. Kuyambira zaka za m'ma 2000 mabanja ambiri, makamaka opeza bwino, anatsegulanso machumuni awo kapena kugula mbaula zachitsulo zowothera nkhuni. Ofufuza amazindikira utsi wa nkhuni poyeza mankhwala amene amatuluka mtengo ukamapsa, ndipo amaupeza wochuluka madzulo ndi kumapeto kwa sabata m'nyengo yozizira, nthawi imene anthu amakhala pakhomo. Lero kuwotcha nkhuni ndi malasha m'makomo ndi limodzi mwa magwero akuluakulu a PM2.5 ku Britain. Kuyambira Meyi 2021 boma linayamba kuletsa ku England kugulitsa malasha wamba a m'nyumba ndi nkhuni zosauma zogulitsidwa pang'onopang'ono.

Magwero ena ndi utsi wa m'makhitchini a malesitilanti, makina a dizilo a pa malo omangapo nyumba, zombo za pa Thames, ndi fumbi lochokera ku matayala, mabuleki ndi phula la msewu, limene limatuluka ngakhale ku galimoto yoyendera magetsi. Gawo lina la tizidutswa limapangikira mu mpweya momwemo kuchokera ku mipweya yosiyanasiyana, ndipo lina limabwera ndi mphepo kuchokera kumadera ena a Britain ndi ku Ulaya. Ichi n'chifukwa chake PM2.5 yense watsika pang'onopang'ono kuposa kaboni wakuda, amene magwero ake ali pafupi ndipo amamvera msanga malamulo a mzinda. Kuchepetsa kaboni wakuda kumathandizanso nyengo, chifukwa amamwa kutentha kwa dzuwa ali mu mpweya, ndipo akagwera pa madzi oundana amawafulumizitsa kusungunuka.

Mu 2021 bungwe la WHO linatsitsa muyezo wake wa PM2.5 wa pachaka kuchoka pa mamaikulogalamu 10 kufika pa 5 pa kiyubiki mita, litaona kuti thanzi limawonongeka ngakhale tizidutswa titachepa kwambiri. Mpweya wa London ukadali pamwamba pa muyezo umenewu, ndipo amene amapuma woipitsitsa ndi okhala m'mbali mwa misewu ikuluikulu, kumene nthawi zambiri kumakhala mabanja osauka. Ntchito imene akuluakulu a mzindawo ali nayo tsopano ndi ya mbaula za nkhuni, makhitchini a malonda, makina omangira ndi kuchuluka kwa magalimoto pamsewu.